Tambala wa Kamba wa Magadalena

Magadalena ankanyamuka mawa lake kupita kwa azakhali ake ku Lilongwe, koma ine ndinali ndisanamuuze kanthu. Chilembereni mayeso a Fomu 4, mawuwo ndinkawayeserera ndekha m'munda wa kachewere. Ndikangomuona, lilime gwa.

Tsikulo ndinatsetsereka phiri la kwathu ku Lobi chothamanga, mphepo ya Juni ikuluma makutu. Ndinam'peza akuchapa pabwalo. Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, amayi ake anatulukira atanyamula tambala ndi mpeni.

"Ezara, wafika bwino mwanawe. Tiphere tambalayu, akhale kamba wa mnzakoyu."

Ndinaponda mapiko ndi phazi lina, miyendo ndi linalo. Mpeni unadutsa. Ndani sadziwa kuti umapondabe mpaka nkhuku itasiya kuphupha? Koma Magadalena anaweramuka kuti amange duku, maso anga n'kupita komweko, phazi n'kutukuka.

Tambala anadzambatuka wopanda mutu. Anagunda beseni, nawaza magazi pa chitenje cha amayi, n'kukhotera kuseri kwa nkhokwe.

"Mayo ine! Kam'gwireni, ana inu!"

Tinathamanga awirife. Tinam'peza ali chagada, akuponyabe miyendo. Kuseriko kunalibe wina aliyense.

"Wathamanga bwanji, mutu uli uko?" anafunsa Magadalena ali wefuwefu.

"Si ubongo wokha umene umayendetsa miyendo," ndinayankha mofulumira. "M'fupa la msana muli chingwe cha mitsempha. Chimenecho chimatumabe minofu kwa kanthawi, ngakhale mutu utachoka."

"Ee, aphunzitsi! Mwatsika phiri lonseli kudzandiphunzitsa za msana wa nkhuku?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene chimene ndinadzera.

"Magada!" amayi anakuwa. "Madzi ososolera akuzizira!"

Iye anatola tambala uja, natembenuka. Mawa akwera basi, kenako Lilongwe, kenako anyamata a kumeneko odziwa kuyankhula. Dzanja langa linagwira mkono wake mutu usanavomereze.

"Usapite usanamve. Ndimakukonda. Kalekale."

Anayang'ana dzanjalo, kenako ine. Tambala anagwedeza mwendo komaliza.

"Nthawi yonseyi umadikira kuti nkhuku ife kaye?"

Anandipatsa tambalayo m'manja.

"Kasosole. Mawa ulawire, udzandinyamulire chikwama mpaka kusiteji. Njira ndi yaitali, ukanenenso bwinobwino. Koma usambe kaye, magazi ali pamphuno."