Msomali Wachikhumi

Bambo anga ankawerengera chakhumi ndi misomali. Sekani ngati mukufuna, nanenso ndinkaseka.

Iwo ndi shumeka. Zaka makumi atatu akhala akusoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa munthu wodula makiyi ndi mpopi umene sunatulutsepo madzi chiubadwire ine. Sukulu sanapite nayo patali, ndiye zogawa ndalama pakhumi zinkawazunguza mutu. Anapeza njira yawoyawo: zitini ziwiri za polishi ndi misomali khumi. Kasitomala akalipira, msomali umodzi unkachoka m'chitini cha kumanzere kupita cha kumanja. Amene wagwera pa msomali wachikhumi, ndalama yake yonse inali ya Mulungu, kaya yochepa kaya yambiri. Ankaiika mu envulopu, Lamulungu n'kukaiponya m'mbale, misomali n'kuyambiranso ulendo wake.

Kenako kunabwera matenda a shuga. Kachilonda kanayamba kunsi kwa chala chachikulu, kakang'ono ngati nyemba, ndipo bambo anakabisa m'sokosi miyezi iwiri mpaka fungo linawaulula. Dokotala atakaona anandiitanira pambali.

"Pakufunika majakisoni amphamvu, sabata ziwiri osadumphitsa. Kuno atithera, mukagule kufamase. Mukachedwa, mayi, tidzakambirana zodula mwendo."

Kufamase ananditchulira mtengo. Ndimakolopa m'maofesi, ndipo mtengowo unali malipiro anga a miyezi iwiri, osadya, osakwera basi. Mchimwene wanga ndinamuimbira katatu. Kachitatuko anayankha mkazi wake kuti ali kubafa. Mpaka lero akusambabe.

Ndiye ndinachita zimene sindichita, kupempha. Kuntchito kwathu kuli alonda, ndipo kapitawo wawo ndi munthu wamimba, wokonda kuitanidwa kuti bwana. Ndinamubwanabwana sabata yathunthu mpaka anavomera kupatsa bambo majombo a alonda onse, mapeyala makumi anayi, kuti aike masoli atsopano. Anati abwera nawo Lachisanu masana ndipo alipiriratu. Nditawerengera, majakisoni ankakwana, n'kutsalako ya basi. Tsiku limenelo ndinakolopa ndikuimba.

Lachisanu ndinapempha tchuthi n'kupita kukhonde kuja. Bambo anali atasanjika mwendo pakreti, ataukulunga nsalu. Ndinasuzumira m'zitini: kumanja isanu ndi itatu, kumanzere iwiri. Mtima unakhala pansi, kapitawo akhala wachisanu ndi chinayi.

Basi kunatulukira mayi wina atanyamula silipasi yoduka lamba. Silipasi! Yoti ngakhale galu sangaitole.

"Atseka, mayi, mubwere mawa," ndinatero.

"Watseka ndani?" anatero bambo. "Bweretsani kuno, mayi. Mwanayu njala imamulankhulitsa."

Anaisoka mphindi ziwiri, mayiyo n'kuponya kandalama kachitsulo, msomali n'kudumphira kumanja. Kumanzere kunatsala umodzi wokha, ndipo galimoto ya kapitawo inali ikukhota pakona. Bambo atawerama kufuna ulusi pansi pa benchi, ndinatola msomali umodzi kumanja n'kuubwezera kumanzere. Inde, ndinatero. Ndipo nditapatsidwanso tsiku limenelo ndikhoza kutero kachiwiri.

Kapitawo anatsitsa matumba anayi a majombo, analipira, anaitanidwa bwana kokwanira, n'kumapita. Bambo anatsegula chitini cha kumanzere. Anayang'ana misomali iwiri ija nthawi yaitali. Kenako anayamba kupinda zala zawo zakuda ndi polishi: mphunzitsi wa Lachitatu, dalaivala, namwino wa nsapato zoyera, mpaka mayi wa silipasi. Zala zisanu ndi zinayi.

"Iwe, wagwira chitini changa?"

"Bambo, chakhumi ndi gawo limodzi pa magawo khumi. Chotsanipo gawolo, zotsalazo tikagule mankhwala. Ngakhale abusa angakuuzeni zomwezo."

"Abusa analipo pamene ndinkapangana ndi Mulungu? Zaka zonsezi Iye wakhala akulandira masilipasi ndi zidendene, osadandaula. Lero chamugwera chonona, ndiye ndimusinthire malamulo?"

"Ndiye mumupatse mwendo?"

"Mwendowo anandipatsa ndani?"

Ndinakalipa, anthu inu. Wodula makiyi anazimitsa makina ake kuti amve bwino. Ndinati Mulungu alibe chilonda, Mulungu sakwera basi, Mulungu akanafuna ndalama akanazilenga tsiku lachisanu ndi chiwiri m'malo mopuma. Bambo anapinda ndalama zonse n'kuziika m'thumba la mkati mwa jekete, n'kumanga batani. Jeketelo anagona nalo masiku awiri, ndipo Lamulungu anapita kutchalitchi atatsamira ndodo, thukuta lili kamukamu, n'kukaponya envulopu m'mbale.

Lolemba m'mawa ndinali pa ofesi ya abusa. Ndisawanamizire, anandilandira bwino. Anandipatsa mpando, anamvetsera mpaka kumapeto, anavomereza kuti mawerengedwe a bambo si amene mpingo umaphunzitsa. Ndinayamba kuona kuwala.

"Ndiye atibwezere, abusa. Chakhumi chenichenicho chitsale."

Anapukusa mutu pang'onopang'ono. Anati chalowa m'mbale chalowa, msungichuma wapita nazo kale kubanki, ndipo iwo okha sangatulutse kanthu popanda komiti yachifundo. Komitiyo imakumana Loweruka loyamba la mwezi. Ndilembe kalata.

"Loweruka limenelo lili kutali sabata zitatu, abusa. Dokotala anati tisachedwe."

"Tipemphere, mlongo."

Anatseka maso, ine anga ali pa fani ya kudenga imene inkazungulira bwinobwino. Kalatayo ndinalemba. Lamulungu lotsatira abusa analalikira za mkulu wina wosauka amene anapereka zonse osasiyako, dzina sanatchule, koma mpingo wonse unatembenukira kwa bambo n'kuwomba m'manja. Bambo anaweramitsa mutu mwamanyazi, koma ndinawaona, anakondwa.

Majombo aja anawasoka onse. Masiku khumi ali pakhonde, mwendo pakreti, ntchentche zikuchita msonkhano pansalu ija. Ine ndinagula majakisoni atatu ndi zimene ndinapeza nditagulitsa foni ndi mbaula yamagetsi. Namwino anati atatu pa khumi ndi anayi n'chimodzimodzi kuthira kapu ya madzi panyumba yoyaka. Peyala yomaliza itatha, bambo anayamba kunjenjemera n'kumaitana mayi anga, amene anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Wodula makiyi ndiye anandithandiza kuwanyamula.

Anaudula pansi pa bondo, Lachinayi m'mawa.

Komiti inakumana pa tsiku lake, siinachedwe ngakhale pang'ono. Masana ake amayi atatu a mpingo ovala zoyera anabwera kuwodi ndi jumbo. Munali sopo, kandulo ndi paketi ya shuga. Shuga! Kwa munthu amene shuga wamudya mwendo. Anaimba nyimbo ziwiri, ndipo bambo anawauza kuti Mulungu ndi wachifundo, chifukwa m'nyumba mukachitika zomubera, Iye akhoza kutenga zonse, koma watenga mwendo umodzi wokha. Amayiwo anati ameni. Ine ndinali chiimire kumiyendo kwa bedi, beseni lili m'manja.

Atapita, namwino anandikodola n'kundinong'oneza kuti chala cha phazi lotsalalo chayamba kuda, ndipo majakisoni ndi omwe aja. Ndinangogwedeza mutu. Ndinalibenso choti ndigulitse, ndiponso ukali unali utandithera, umene ndinkadalira masiku onsewa.

Nditabwerera, bambo anandigwira dzanja.

"Mwanangu, usamadziimbe mlandu. Za msomali zija ndinakukhululukira. Ndapempha kuti naye Mulungu akukhululukire."

Ndinawayang'ana. Ankanena zoona, ndi chikondi chonse, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandimenya mbama.

"Zikomo, bambo," ndinatero.

"Tsono tandikande kuchidendeneku. Chikundiyabwa kuyambira m'mawa."

Ndinagwira phazi lotsalalo.

"Ayi, linalo."

Ndinaika dzanja pabulangete, pamalo pamene panali lathyathyathya, n'kuyamba kukanda matiresi. Bambo anatseka maso.

"Pamenepo, mwanangu. Pamenepo."