Tsamba Limene a Veronica Anabisa

A Cosmas anamwalira Lachiwiri m'mawa, nthawi yokumba mbatatesi, ndipo anthu a kumtunda kwa Tsangano anasiya makasu m'minda osanyinyirika. Katekisitiyu anali ataperekeza kumanda pafupifupi theka la mudzi. Tsopano inali nthawi yake, ndipo funso limene anthu ankanong'onezana linali limodzi: kodi mwini wakeyo apita ndi tsamba?

Nkhani ya masambayi inayamba kale. Wansembe wina wachizungu, pobwerera kwawo atadwala, anawasiyira a Cosmas buku lachikuto chachikopa, lakuda bii, lonunkha nkhungu. Anati munalembedwa zimene sisitere wina wakalekale anaona ali gone, imfa itamuyandikira: kumwamba kutatseguka, angelo ali mbwee, mabala a Ambuye akuwala. Linali la m'Chilatini. Chilatini cha a Cosmas chinkathera pa nyimbo ziwiri za pa Misa, koma bukulo ankalinyamula ngati khanda.

Kenaka kunabwera nkhondo ya ku Mozambique. Othawa ankafera m'misasa ya m'malire n'kuikidwa m'mphasa, opanda bokosi, opanda wowalira. Tsiku lina a Cosmas zinawakwana. Anang'amba tsamba limodzi n'kuliika pachifuwa pa mayi wina amene dzina lake panalibe wolidziwa, kuti asapite chimanjamanja. Anthu anaona. Ndipo anthu akwathu akaona chinthu kawiri pamaliro, kachitatu amalumbira kuti anachisiya ndi makolo. Kuyambira pamenepo Mkhristu aliyense wa m'mphakati mwawo, gulu la Akatolika a m'mudzimo, ankaikidwa ndi tsamba la masomphenya pansi pa manja ake. Atafika matenda aja amene anatha achinyamata, buku linaonda limodzi ndi mudzi.

Akazi awo, a Veronica, ankaliona likuonda ndipo mtima unkawawawa. Amuna awo ankawadziwa: munthu woti akhoza kupereka malaya n'kubwera kunyumba akunjenjemera, kenaka n'kumadabwa kuti akazi akwiyiranji. Choncho tsiku lina, a Cosmas ali ku maphunziro a ubatizo, anatsegula bukulo n'kusankha tsamba. Kuwerenga sankatha, anasankha ndi maso. Anatenga lakumapeto, loyera kuposa onse, lokhala ndi kachithunzi ka mtengo wozunguliridwa ndi maluwa, mawu ochepa ali pansi pake. Anati mtengo umenewu ndi wa ku Paradizo basi. Analidula bwinobwino ndi lezala, n'kulisokerera m'kati mwa pilo. Anagonera zaka makumi awiri ndi zitatu osauza munthu.

Mwezi wathawu m'buku munatsala tsamba limodzi. A Cosmas, amene anali atayamba kale kulephera kudzuka, ananena koyamba m'moyo wawo kuti ichi ndi changa. Sabata yomweyo Ulemu, mwana wa a Maness oyandikana nawo, anamwalira pobereka. A Maness anabwera n'kukhala pakhomo. Sanapemphe kanthu, anangokhala, maso ali pansi. A Cosmas anatembenukira kukhoma, bukulo atalikumbatira, misozi ikutsikira m'khutu.

"Apatseni, bambo," anatero a Veronica. "Lanu ndinakusungirani."

Anawaululira za pilo. A Cosmas anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikugona ndi mbala?" Anang'amba tsamba lotsirizalo ndi manja awo, n'kuuza a Maness kuti apite nalo. Lobisidwalo sanafune n'komwe kuliona. Anati akaliwerengera konko.

Lachitatu, adzukulu atatumiza mawu kuti manda atha, Bambo Raymond a ku parishi anafika pa njinga yamoto, fumbi lili m'nsidze. Anali wansembe wachinyamata, wophunzira ku Roma, waulemu wake. Asanavale zamisa anapempha kulankhula ndi namfedwa, ndipo anawalowetsa m'siwa, momwe a Veronica anakhala kumutu kwa bokosi. Amayi oimba anatsitsa mawu kuti amve nawo.

"Mayi, pepani kuti ndikubweretsa izi lero," anatero Bambo. "Ndinalandira kalata ina masabata atatu apitawo, ndinkangoti ndipita mawa. Achipani cha wansembe uja anasiya buku kuno akulifuna. Akuti linasindikizidwa zaka mazana asanu zapitazo, ndipo padziko lonse otsala sakwana asanu."

A Veronica anatuma mayi wina kuchipinda. Anabwera ndi chikuto chokhachokha, ulusi uli lendelende pamsana pake. Bambo Raymond anachitsegula, anachitseka, anachitsegulanso.

"Masamba ali kuti?"

"Ali kumanda, Bambo."

"Onse?"

"Aliyense ndi mwini wake."

Bambo anakhala pansi, pamphasa, chinthu chimene ansembe sachita kawirikawiri. Za mwambowu anali atamvapo, koma ankayesa kuti ndi timapepala ta mapemphero togula ku parishi. Sanakalipe. Anangogwira pakamwa, n'kuyang'ana nkhope ya a Cosmas nthawi yaitali.

Apa a Veronica anamasula mfundo ya chitenje chawo n'kutulutsa tsamba lija. Akanatha kungoliika mwakachetechete, bokosi n'kutsekedwa. Koma zaka zonsezi munalibe munthu m'mudzimo amene anamvapo liwu limodzi la m'bukulo, ndipo apa wodziwa Chilatini anali atakhala pambali pawo. Anafuna kumva mawu amene amuna awo akupita nawo.

"Ili ndi la bambowa. Simulitenga. Koma tandiwerengereni."

Bambo Raymond analilandira ndi manja awiri. Maso awo anayenda pamizere inayi ija, n'kubwereranso poyamba. Anatembenuza tsambalo. Kuseri kunali koyera.

"Ndi tsamba lokongola, mayi," anatero. "Mulungu amaona mtima wa wopereka."

"Bambo, sindinakufunseni ulaliki. Musandinamize pamaso pa maliro."

Panja pankamveka amuna akukangana za misomali.

"Ndi tsamba la wosindikiza," anatero Bambo motsitsa. "Pali dzina lake, mzinda wake, ndi chaka chimene anamaliza ntchito. Akuti ofuna bukuli akampeze pa sitolo yake, pafupi ndi mlatho."

"Nanga mtengowu?"

"Ndi chizindikiro cha sitoloyo."

"Za sisitere uja palibe?"

"Palibe, mayi."

"Dzina la Yesu?"

Bambo anayang'ananso, ngakhale ankadziwa. "Palibe."

"Ngakhale Amen?"

Bambo anawabwezera tsambalo.

Chisoni chimene chinawagwira a Veronica sichinali cha imfa ayi. Imfa anali ataikonzekera kuyambira mvula yatha. Chinali chakuti munthu uja anagwira chinthu chimodzi chokha m'moyo wake wonse n'kunena kuti changa, ndipo iwo ndi amene anamutsegula manja. Zidakwa zinapita ndi angelo, ana osatchulidwa maina anapita ndi kumwamba kotseguka. A Cosmas ankapita ndi malonje a sitolo ya munthu wina.

Mayi wina wa m'mphakati anasendera pafupi n'kunong'ona kuti angoikamo buku lanyimbo, kapena kolona yachiwiri. Bambo Raymond anatulutsa buku lawo la mapemphero m'thumba, okonzeka kung'ambamo tsamba. A Veronica anawagwira dzanja.

"Ayi. Ndinawauza kuti ndawasungira. Apite ndi chimene ndinasunga."

Anagwada, anakweza zala zozizira za amuna awo n'kulowetsa tsambalo pansi pake, mtengo uli pamwamba. Anakonza kolala ya malaya imene inali itapindika. Adzukulu anali ataima kale pakhomo ndi chivindikiro, akudikira mwaulemu. A Veronica anawerama mpaka pakamwa pawo panafika pakhutu pa a Cosmas.

"Mukakafika, bambo, musakalionetse msanga," anatero. "Mukayambe mwanena kuti anakupatsani ndi akazi anu osaphunzira."