Mtisunge Anatsala ku Manyamula

Mai Iness anachoka ku Dowa ndi cholinga chimodzi, kukatenga mtembo wa mwana wawo Mtisunge kuti adzagone kwawo, pafupi ndi bambo ake. Ponyamuka anauza adzukulu kuti akumbiretu manda, iwo sakachedwa. Koma atafika pa Mzimba boma anapeza bokosi latuluka kale kumochale, alifunditsa mbendera, chipewa cha polisi chili pamwamba, galimoto italoza njira ya ku Manyamula, kwawo kwa mwamuna.

Mtisunge anali wapolisi, mwamuna wake Nicholas wapolisinso. Nicholas ankatumidwa kuperekeza malole a matabwa ku Chikangawa, ndipo akaweruka, mfuti yoyenera kubwezedwa kosungira zida ankapita nayo kunyumba, ati watopa, abweza mawa. Mawa lakelo linkafika mwa apo ndi apo. Mtisunge anakadandaulapo kwa akuluakulu kuti mfuti ikugona kumutu kwa bedi chonsecho mwini wake amabwera atalawa. Anamuyankha kuti za m'banja akakambirane kunyumba. Tsiku lina masana awiriwo anakangana za kiyi wa njinga yamoto, kiyi basi. Tsopano Nicholas anali m'chitokosi, Mtisunge ali m'bokosi.

Ku Manyamula, mai Iness ndi mlongo wawo Yona anawayalira mphasa kuseri kwa nyumba ya maliro. Bambo ake a Nicholas, a Zondwayo, anabwera atavula chipewa, maso ali psuu. Akanakhala munthu wamwano bwenzi zili bwinoko, mai Iness akanapeza pokalipira. Koma mkuluyo anakhala pansi modzichepetsa.

“Asebele, ndapota, mundimve,” anatero a Zondwayo, akusakaniza Chichewa ndi Chitumbuka cha kwawo. “Mwana wanga wachita chinthu choipa chomene, ine nkhope ndilibe poyiika. Kweni kuno mkazi tikalowola, mbwenu ndi wathu, wamoyo kaya wakufa. Agona kuno.”

“Wanu wapha wanga, ndiye wangayo agone pakhomo panu?” anafunsa mai Iness.

“Si ine, asebele. Ndi mwambo.”

“Ngati ndi ng'ombe zija, tibweza. Ndigulitsa munda, tibweza zonse.”

A Zondwayo anapukusa mutu pang'onopang'ono. “Ng'ombe zimabwerera banja likatha anthu ali moyo. Ili silinathe.”

Mai Iness anatembenukira kwa Yona kuti mwina atsegula pakamwa, paja ndiye mwini mbumba. Yona anali akuyang'ana nsapato zake ngati waziona koyamba. Ng'ombe za malowolo anazilandira ndi iyeyo, mano onse ali pamtunda, akutama Angoni kuti ndiwo anthu odziwa kulemekeza mkazi. Pano ng'ombezo zinasanduka kale malata a nyumba yake.

“Achemwali, tinadya za eni,” ananong'ona Yona. “Tingolola.”

Kwa eni kulibe mkuwe. Mai Iness anali ndi mkwiyo, koma pouthira panalibe. Anakhala chete, ndipo chetecho anthu anachitenga ngati kuvomera.

Pofika kumanda a banjalo, kuseri kwa khola, mai Iness anaona kuti dzenje alikumba chapambali, pakati pa ilo ndi manda ena atasiya malo osalala bwino. Anafunsa mayi wina amene anawagwira mkono kuti malowo ndi a chiyani. Mayiyo anayankha mosaganiza n'komwe kuti mpa mwamuna wa malemuyo, tsiku lake likadzakwana. Mai Iness anayang'ananso malo aja. Ndiye kuti ngakhale pansi pa dothi mwana wawo adzagonabe pambali pa munthu yemweyo.

Ali mkati momeza zimenezo, anaona apolisi achinyamata atandanda pamzere, mfuti zili pamapewa. Anadzuka n'kupita kwa mkulu wawo, bwana Thomson, bambo wamawu ofatsa amene anali atangomaliza kuyamikira Mtisunge kuti anali wakhama pantchito.

“Bwana, mfutizi n'zachiyani pano?”

“Ndi ulemu, mayi. Wapolisi akamwalira timaomba m'mwamba pomutsanzika.”

“Mwana wanga yamupha ndi mfuti. Ndikukupemphani, asaimvenso. Muimbireni nyimbo, mugube mmene mungathere, koma mfuti ayi.”

“Ndikukumvetsani, mayi. Koma ndi lamulo la ntchito yathu, ine sindingalisinthe.”

“Nanga lamulo lija loti munthu akaweruka azibweza mfuti, linali patchuthi?”

Bwana Thomson anakonza lamba wake, n'kunena kuti nkhani imeneyo ili m'manja mwa ofufuza, sangaikambepo. Kenaka anapempha amayi a mpingo kuti awathandize mayiwa kukhala pansi, dzuwa lawapweteka.

Bokosi litatsitsidwa, lamulo linaperekedwa. Phuu! Ng'ombe m'khola zinadzidzimuka, ana anathawira m'zitenje za amayi awo. Phuu! Mai Iness sanatseke makutu. Ankaganiza kuti phokoso lomweli ndilo mwana wawo anamva pomaliza, ndipo mtima unawawawa koopsa. Pa kulira kwachitatu, kachitsulo kena kanadumpha n'kudzagwera pafupi ndi phazi lawo. Chinali chigoba cha chipolopolo, chidakali chotentha. Anachiponda ndi patapata, osadziwa chifukwa chake.

Mwambo utatha, apolisi aja anayamba kutola zigoba m'udzu n'kumapereka kwa bwana wawo. Chimodzi chinasowa. Pamenepo ndiye bwana Thomson, wofatsa uja, anasintha nkhope.

“Palibe akwere galimoto chisanapezeke,” anatero. “Katundu wa boma sasowa chisawawa.”

Anyamata a yunifolomu anagwada, kukwawa, kupalasa dothi la pamanda ndi zala. Mai Iness anawayang'ana nthawi yaitali. Kani kufunafuna amakudziwa. Mfuti yathunthu inkagona kunyumba kwa munthu osaifunsa, lero kachigoba kopanda kanthu kawagwaditsa onse. Anawerama ngati akukonza patapata, n'kutola chigoba chija, kuchimanga pa ngodya ya chitenje. Pomwe iwo ndi Yona ankanyamuka kukafuna galimoto ya ku boma, anyamata aja anali akadali m'udzu.

Ku Dowa anafika mawa lake, manjamanja. Dzenje linali litakumbidwa monga analamulira, lili kukamwa yasa pafupi ndi manda a mwamuna wawo. Poti manda sakwiriridwa opanda kanthu, adzukulu anali atadula kale thunthu la nthochi loti aikemo. Abale anasonkhana ochepa, opanda nyimbo, aliyense akupewa maso a mnzake.

Thunthu litatsitsidwa, mkulu wa adzukulu anafunsa ngati amayi ali ndi mawu asanakwirire. Mai Iness anamasula mfundo ya chitenje n'kuponya kachigoba kaja m'dzenjemo. Kanagunda nthochi, n'kugwera pambali.

“Chimenecho n'chiyani, amayi?” anafunsa mkuluyo.

“Ndi chomwe ndabwera nacho,” anayankha mai Iness. “Kwirirani.”