Kachigawo ka Apongozi

Pulogalamu yolembera imene timagwiritsa ntchito ku ofesi anailemba apongozi anga aamuna, kalekale asanapume pantchito. Mkati mwake muli kachigawo kowerenga malamulo amene munthu wataipa pa mzere wapansi. Ukalemba "chotsa 4,9", kamagawa mawuwo n'kuzindikira mizere yoti ifufutidwe.

Abwana atandiuza kuti pulogalamu yanga yatsopano yosanja makalata izimvanso malamulo omwewo, ndinati n'zosavuta, ndingoitana kachigawo ka apongoziko.

Masiku atatu anapita. Lamulo likakhala lolondola zonse zinkayenda, koma ndikangophonya chilembo chimodzi pulogalamu yonse inkangoti zii, osasiya ngakhale uthenga. Ndinawerenga khodi yanga, malangizo amene ndinalembera kompyuta, mpaka maso kuwawa. Ndinayesa pa kompyuta ya mnzanga wa pawindo, chimodzimodzi. Abwana ankadutsa pakhomo kawiri pa ola, kumangotsokomola.

Mwamuna wanga anati ndiwaimbire bambo ake. Ndinakana. Apongozi ungawauze bwanji kuti ntchito yawo ili ndi chilema? Lachinayi masana ndinagonja n'kuwaimbira foni.

Anayamba ndi kufunsa za ana, kenaka anandifotokozera za bondo lawo kwa mphindi khumi. Nditapeza mpata wonena vuto langa, anaseka.

"Sikakulakwa ayi, mayi. Kakaona lamulo lolakwika kamalumphira kumayambiriro kwa pulogalamu yolembera ija, kukadikira lina. Inuyo mwakachotsa kwawo, ndiye kakulumphira pomwe palibe potera."

Ndinafunsa mwaulemu ngati zimenezi zinalembedwa penapake. Anati zinali m'mutu mwawo, ndani akanadziwa kuti kadzabwerekedwa.

Ndinkafuna kukakonza kuti kazingobweza uthenga wonena cholakwika, ntchito ya ola limodzi. Abwana anakana. Anati anthu khumi amakadalira tsiku ndi tsiku, ndisakakhudze. Choncho ndinakamangira potera mkati mwa pulogalamu yanga, poti ndizikonza kaye nthawi iliyonse ndisanakaitane. Khodi yake inatuluka yonyansa moti ndinachita manyazi kuionetsa mnzanga uja. Lachisanu inagwira, abwana n'kungoti, "Si munati n'zosavuta?"

Lamlungu apongozi anabwera kudzacheza, ali ndi alamu anga awiri. Asanakhale n'komwe pampando anayamba kusimba mmene anandikonzera pulogalamu pa foni, mphindi ziwiri zokha. Mwamuna wanga anandiyang'ana mondichonderera. Ndinatola makapu n'kulowa kukhitchini, ndipo ndinatsuka ndi oyera omwe.