Kabotolo ka Mchere pa Tebulo la Akalaliki

"Mchere musauike pa tebulo," anatero amake Fidelis ataima pakhomo panga, manja m'chiuno. "Mchere ndi wa kumoto, ndipo wothira ndinu nokha, amake Esme. Mwana wanuyo sanatengedwe."

Tonse tinaseka. Ine ndinaseka ndi mano okha, koma ndinaseka ndithu, poti ndine mkazi wophunzira. Ndinakhala pa benchi kumishoni ku Blantyre mpaka mabuku opatsa atsikana anatha, ndipo dona wa hayijini anatiuza kuti matenda onse amabwera ndi ntchentche. Amake Fidelis ndi mkazi wa ku Fort Jameson, mwamuna wawo amaboola miyala pansi pa mgodi. Ife ndife a nyumba za akalaliki ku Wusakile, nyumba zokhala ndi zenera lotseguka.

Komabe zimene ankanenazo ndinkazidziwa. Kwathu mwana akabadwa amakhala wozizira kufikira tsiku limene makolo ake amutengera kumphasa. Nthawi yonseyo bambo amagona payekha. Akazemba nkukagona kwina, ndiye kuti watentha. Akanyamula khandalo, kapena akathira mchere m'chakudya chimene mwana kapena mayi woyamwitsa adye, mwana amagwidwa tsempho: kutsokomola, kutupa mapazi, kenaka maliro. Esme wanga anali ndi miyezi inayi, ndipo tinkadikira azakhali anga a ku Ndola kuti adzatilangize.

"Amake Fidelis," anayankha mwamuna wanga Kingsford Chirwa akupukuta nsapato, "kuno ndi ku Kitwe, ndipo chaka chino ndi nayintini fote-firi. Tsempho lilibe chitupa. Apolisi a komboni sangalilowetse."

"Chisuma mukwai," anatero mayiwo m'chilankhulo cha kuno kumigodi, ndiye kuti chabwino bambo. "Ine pakamwa ndatsuka."

Nkhani inali ya dina, phwando la chakudya la Chizungu. Kingsford ankafuna kusankhidwa mlembi wa bungwe la akalaliki, ndipo anaganiza kuti njira yake yadzera m'mimba mwa wapampando, a Wilfred Mhango, amenenso ndi mkulu wa mpingo wathu. Kuwaphera nkhuku monga amachitira anthu kunali kuchepa. Anafuna kuwadyetsa dziko lonse lapansi Lamulungu limodzi, tikaweruka kutchalitchi.

Wophika anali amalume ake, a Horace, khukhi amene anayamba kuphikira Azungu ine ndisanabadwe. Anaphikirapo Mgiriki wa bekari, Mmwenye wa ku Ndola, mkazi wa Myuda wa sitolo, mabwana a mgodi, ndipo aliyense anawachotsa ntchito atawasiyira chakudya chimodzi m'mutu. Dona wawo watsopano anali atapita ku Kepi kukaona nyanja, choncho mbale zake, mafoloko ake ndi kabotolo kake ka mchere ka timabowo pamwamba zinabwera kudzacheza kwathu m'dengu, zitafunditsidwa thaulo.

"Mzungu sakhulupirira khukhi," anatero a Horace akuimika kabotoloko pakati pa tebulo. "Mchere amathira yekha. Mkazi, mwamuna, mlendo, aliyense amangogwedeza. Ndipo taonani, akulamulira dziko."

Ndinakayang'ana kabotoloko ngati njoka yogona. Ndinaganiza zokabisa m'thumba la ufa. Koma ndikanati chiyani akandifunsa? Kuti mkazi wa mlembi amaopa mchere?

Za Kingsford ndinalibe nkhawa. Mwamuna wanga anali waukhondo kuposa dona wa hayijini. Mwezi wathunthu sanamunyamule Esme. Tsiku lina manja ali ndi inki, tsiku lina ali ndi chimfine, tsiku lina wachedwa ku ovataimu ndipo fumbi la mgodi si labwino kwa ana. Ndinkamutama kwa akazi anzanga kumpopi. Bambo wosamala chonchi adzapezeka kuti?

A Mhango anafika wani koloko, atavala kolala youma ngati chikopa cha ng'oma, pambuyo pawo akazi awo mayi Harriet ndi chipewa cha nthenga. Amake Fidelis anabwera kudzandithandiza kunyamula mbale, ati pofuna kuona ndi maso awo. Ine ndinakhala pampando wa kufupi ndi khomo, Esme pamiyendo.

Choyamba chinali cha Apolishi, aja anathawa nkhondo nkuikidwa mumsasa ku Bwana Mkubwa: madzi ofiira psuu a mizu ina yake.

"Mwapha ndani, a Horace?" anafunsa amake Fidelis.

"Ichi kwawo amadya mafumu."

"Nchifukwa chake anathawako."

A Mhango anameza sipuni imodzi, misozi nilengeza. "Vere nayisi," anatero. Kingsford naye anati vere nayisi. Ine ndinasuntha sipuni m'mbale, maso ali pa kabotolo.

Kenaka makaroni a Ataliyana. Amake Fidelis anati amawadziwa, ansembe awo a ku Ndola amadya zingwe zomwezo, ndiye chifukwa chake sakwatira. A Mhango analimbana ndi chingwe chimodzi ndi foloko, chinawathawa, chinakagona pa kolala. Palibe amene anachiona. Tonse tinaphunzira bwino.

Ndiwo za tsabola za Amwenye, zimene amati kale, zinabwera ndi mpunga wachikasu. A Horace anati Mmwenye wawo ankadya akulira, ndipo akapanda kulira ankabweza mbale. Pamenepa tinamuposa Mmwenyeyo: mayi Harriet anavula chipewa nkumadzipepesera nacho, nthenga zikugwera mu soseji ya Mabunu imene inadzipinda m'mbale ngati nsato yokhuta. Panalinso mkate wobisa nyama ndi mbatata m'kati, umene Azungu a pansi pa mgodi amapita nawo kuntchito m'thumba la jekete. Umenewo unali wokoma, choncho palibe anautama.

"Mukuona, amake Esme?" anatero Kingsford akutambasula manja. "Munthu wotsogola amadya ndi mitundu yonse. Saopa chilichonse cholowa m'kamwa."

"Zoona, a Chirwa," anavomera a Mhango, mawu atasasa ndi tsabola. "Anthu athu chimene chawamanga ndi mantha a kumudzi."

Supu amayenera kukhala woyamba, koma tambala amene Kingsford anagula anali wachikulire ndipo anakana kufewa mpaka dzuwa litapendeka. Ndiye anafika pomalizira, m'mbale yaikulu imodzi, supu wa nkhuku wa mkazi wa Myuda. Mbale zakuya zinali zitatha, choncho a Horace anandandalika makapu a tiyi.

A Mhango analawa ndi sipuni m'mbale yaikuluyo. "Kamchere kachepa pang'ono."

Ndinanyamuka, mwana ali m'dzanja limodzi. Amake Fidelis anali atandiponyera kale diso. Koma Kingsford anali pafupi, ndipo wapampando anali akuyang'ana.

"Khalani pansi, amake Esme. Kwa Azungu mwini nyumba ndiye amatumikira alendo."

Anagwedeza kabotolo pamwamba pa mbale yonse, mokweza dzanja ngati wansembe, natakasa, nathira m'makapu. Yanga anandipatsa yekha. Mayi Harriet ankandiyang'ana, poti anaona kuti mbale zanga zonse zabwerera zodzaza. Ndinadziuza kuti wathira ndi bambo wa mwana, munthu wogona yekha pamkeka pabalaza, munthu wa inki. Ndinamwa kapu yonse. Anali supu wabwino, ndisaname.

Pamenepo Esme anatsokomola. Kachifuwa kakang'ono chabe, ka utsi wa mbaula.

"Ee, mankhwala ake ndi omwewa!" anatero a Horace. "Dona wa Chiyuda ankati supu ameneyu amadzutsa ndi wakufa yemwe. Ana ake onse anakulira iyeyu."

"Bweretsani kuno mwanayo," anatero mayi Harriet. Anali atamutenga kale ndisanayankhe. Anatunga kasupu kunsonga ya sipuni, nauzira. "Tiyeni a Esme, yasamulani. Lero mukhala dona."

Pakamwa panga panali mawu a amake Fidelis, koma sukulu inawakhalira pamwamba. Ndinangotambasula dzanja, osadziwa ngati ndikuletsa kapena ndikuthandiza. Esme anayasamula.

Mpando unagwa. Kingsford anadumpha tebulo ndi mkono, namenya sipuni, niulukira kukhoma.

"Musampatse! Mayo, musampatse! Mcherewo ndathira ndine!"

Sananene m'Chingerezi. Ananena ndi mawu a kwawo, a mnyamata woweta mbuzi, mawu amene sindinawamvepo chikwatiranire.

M'nyumba tinalimo anthu a sukulu, a mpingo, a makolala, odya ndi mitundu yonse, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti mchere wa bambo ungalakwe chiyani. A Mhango anapeza chinthu chochititsa chidwi kudenga. Mayi Harriet anamukumbatira Esme nkumutembenuzira kumbali, kutali ndi bambo wake. A Horace anatola sipuni ya dona, naipukuta, naipukutanso.

"Kani tsempho lija chitupa lili nacho," anatero amake Fidelis chapansipansi.

Kingsford anadzutsa mpando. Anakonza tayi. "Ndimati, madokotala amaletsa mchere kwa ana aang'ono. Zili m'mabuku. Impso zawo..."

"Zoona, zoona," anatero a Mhango, osatsitsa maso kudenga.

Ndinatenga mwana wanga kwa mayi Harriet. Ndinazungulira tebulo mpaka pamene anaima mwamuna wanga.

"Bambo a Esme, tamunyamulani mwana wanu. Wadzidzimuka."

"Manja angawa ali ndi mafuta."

"Thaulo ili apo."

"Amake Esme, pali alendo."

"Alendo aona kale. Munyamuleni."

Esme anamusekerera, natambasula timanja. Kingsford anabweza manja ake onse awiri kumbuyo, ngati mwana wa sukulu pa mzere. Anali akutuluka thukuta, ndipo sanali tsabola.

"Ine ndamwa kapu yonse," ndinatero. "Munandipatsa nokha. Mumaganiza kuti mwanayu amayamwa kwa yani?"

Apo anayang'ana kapu yanga yopanda kanthu, ndipo ndinaona kuti zimenezo sizinamufike m'mutu mpaka nthawi imeneyo. Anakumbukira mwana. Ine ndinali mbali ya ziwiya.

A Mhango anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi msonkhano wa akulu a mpingo. Pudini ya Angerezi, imene a Horace anaiwiritsa m'nsalu kuyambira m'mawa, inafika pa tebulo alendo ali kale pa msewu. Mayi Harriet potuluka anandigwira mkono, nayiwala chipewa.

Dzuwa likulowa Esme anayamba kulirira bere. Ndinakhala naye kuseri kwa nyumba, mabere akuwawa, osayerekeza kumupatsa. Amake Fidelis anabwera ndi kaphala kamadzimadzi kopanda mchere, namumwetsa ndi chala. Sananene kuti ndinakuuzani. Ndikanakonda akananena.

"Azakhali anu a ku Ndola aja amadziwa zosambitsa za tsempho?" anafunsa.

"Amadziwa. Ndiwonso ankhoswe anga."

"Lole ya makala imanyamuka pamsika huta yoyamba ya mgodi isanalire. Dalaivala ndi wa kwathu. Mukangoti mwatumidwa ndi amake Fidelis."

Ndinayang'ana mapazi a Esme. Ndinawatsina pang'ono, kuona ngati chala chisiya dzenje. Anali mapazi a mwana wonenepa basi. Kaya tsempho liliko, ine sindidziwa. Dona wa hayijini anati kulibe, ndipo mwina dona ananena zoona. Koma mwamuna wanga amakhulupirira kuti liliko. Anakhulupirira mwezi wonse, akubisa manja, ine ndikumutama kumpopi. Ndipo akukhulupirira chomwecho anagwedeza kabotolo kuti a Mhango amuone.

Pazenera lathu lotseguka lija ndinkamva a Horace akulongedza mbale za dona m'dengu, akudandaula kuti pudini yawo palibe wailawa. Kingsford anatulukira pangodya ya nyumba, naima patali ndithu.

"Amake Esme, tikambirane ngati anthu ophunzira."

"Takambirana kale pa tebulo."

"Nanga za ulembi zija, anthu akamva kuti..."

"Zotsala zilipo zambiri," ndinatero. "Za Apolishi, za Ataliyana, za Amwenye. Simufa ndi njala sabata ino. Mchere muzithira nokha."

Anaimabe pang'ono, kenaka anabwerera m'nyumba. Ndinapempha amake Fidelis kuti mtolo wanga ukagone kwawo, pamodzi ndi ine ndi mwana. Matewera anali akadali pachingwe, osauma bwino. Ndinawaanula choncho, poti kukacha adzakhala ali pa msewu wa ku Ndola.