Bulangete Lonyansa la Amayi

Pa zaka makumi awiri ndi zitatu zimene ndinakhala kunja, ndinatumizira amayi mabulangete asanu ndi awiri. Nditabwerera ndinawapeza atafunda tinsalu tiwiri ndi jekete la malemu bambo, mawondo atatupa ndi nyamakazi.

Mabulangetewo ndinawapeza limodzilimodzi, ngati wofufuza abale osochera pankhondo. La chithunzi cha kambuku linali pa bedi la alamu anga, akazi a achimwene. La maluwa ofiira linali kwa abusa. Lina ndinalizindikira pa chingwe cha anansi, likuuma mopanda manyazi.

“Nanga munthu akati n'lokongola, ine ndiziti chiyani?” anafunsa amayi.

“Muziti zikomo, amayi. Basi.”

“Iwe kunja kuja anangokuphunzitsa umbombo.”

Chisanu chinali chitayamba kale. Ndinanyamuka kupita m'tauni, ndikudutsa pa fakitale imene kale inkaluka mabulangete otha kukhalitsa kuposa ukwati. Tsopano ndi tchalitchi cha zokuzira mawu zinayi. Sitolo imene ndinkaimamo n'kumawerenga mabuku mwakuba ikugulitsa zikwama za mafoni. Koma a Mphuno ndinawapeza, mkulu wogulitsa zofunda amene katundu aliyense amayamba wamununkhiza.

“Mwabwera liti, bwana? Mwanenepa ngati mwameza pilo. Tengani ili, lofewa, la mkango.”

“Ndikufuna la ubweya weniweni wa nkhosa. Komanso likhale lonyansa, loti munthu akaliona azimvera chisoni mwini wake.”

A Mphuno anandiyang'ana kuyambira ku nsapato. “N'la apongozi?”

“La amayi anga ondibereka.”

Sanafunsenso. Anasolola ulusi ku la mkango lija, n'kuyatsa machesi. Ulusi unasungunuka n'kusanduka kampira kakuda konunkha pulasitiki.

“Mwaona? Ili ndi botolo lakale lovala ubweya. Mukalichapa kawiri, mkango usanduka mphaka.”

Kenako anakwera pa mpando, n'kutsitsa chinthu chimene chinagwa pa tebulo ngati thumba la simenti. Mtundu wake unali wa madzi otsukira mbale, ndi mzere umodzi wobiriwira wosadziwa kumene ukupita. Ulusi wake unanyeka pang'ono n'kuzima wokha, fungo lake la tsitsi lopserera. Anandiuza ndiliyang'anitse ku dzuwa. Kuwala sikunadutse. Ndinalifinya m'dzanja, linabwerera m'malo mwake.

“Limayabwa sabata yoyamba,” anatero. “Kenako mumazolowerana, ngati banja. Lakhala pamwambapo zaka zisanu ndi chimodzi. Ngakhale akuba atalowa muno analisiya.”

Umboni woposa pamenepo sindikanaupeza. Ndinalisenza.

Amayi analiyang'ana nthawi yaitali. “Unali kundende kodi, mwanawe, ife n'kumati uli pa ntchito?”

Ndisanayankhe, alamu analowa. Mayi ameneyu amamva kulira kwa pepala lokutira katundu ali kutsidya kwa msewu. Anagwada bwinobwino, kupereka moni, dzanja lili kale pa bulangete. Analitikita pakati pa zala, analikweza kuyesa kulemera kwake, ndipo ndinaopa kuti nalonso lapita. Alamu anga si opusa.

“Alamu, ubweya weniweni uwu,” anatero kwa ine chapansipansi.

“Ngati walikonda, mwanangu, tenga,” anatero amayi, atayamba kale kulipinda.

Alamu analitambasula, n'kuona mzere wobiriwira uja kuyambira kumutu mpaka kumiyendo. Ndinawaona akuliyala m'maganizo pa bedi lawo, pafupi ndi makatani a golide, azimayi a kwaya atabwera kudzacheza.

“Ayi, amayi, fundani ndinu. Ife timamva kutentha kwathu kuja.”

“Nanga ana?”

“Ana angalote zoopsa.”

Atatuluka, amayi anayesa anansi. Anansi anathokoza kwambiri ali chiimire pakhomo, manja kumbuyo. Madzulo dzuwa likupendeka, ndinawapeza amayi pa mpando wawo wa pa zenera, nkhope ili gwa.

“Wandichititsa manyazi. Zaka zonsezi kunja, kubwera ndi chinthu choti sindingapatse ngakhale wamisala.”

“Pepani, amayi.”

“Chikuyabwa. Chikununkha khola.” Anachikokera mpaka m'khosi, n'kuchipindira pansi pa mawondo mbali zonse ziwiri. “Ndipo chikulemera moti munthu sangadzuke. Ukaphike tiyi wekha.”