Mfuti Yowomba Kamodzi

"Phu!" Mfuti inalira motsitsa ngati munthu wotsokomolera m'manja. Baldemar anakokanso chowombera. Zii.

"Yakananso?" anafunsa mayi ake, Mayi Hermelinda Cantú, ataima kuseri kwa shedi, m'manja muli vwende lobooka pamimba.

Baldemar anakoka chitsulo ndi dzanja, chigoba cha chipolopolo n'kugwa pamchenga chili bii ndi mwaye. Mfutiyo inali ya mtundu wodzikokera yokha. Ukawomba, utsi wa wonga umabwerera m'kapaipi n'kukankha chitsulo, chigoba chimatuluka, chipolopolo china chimalowa. Anaigulira zimenezo. Koma sabata yonseyo inkangowomba kamodzi n'kugona.

"Taona ichi." Mayiwo anaponya vwende lija pamapazi pake. "Mzere wonse wa kumpanda wapita. Bola zikanamadya! Zimangoboola ili, kuboola ilo, ngati alendo a paukwati olawa mphika uliwonse."

"Ndaona, Amayi. Ndinaliko."

Analikodi. M'bandakucha nguluwe zinatuluka m'tchire la Mayi Darlene Kocurek, oyandikana nawo munda, zili chigulu. Baldemar anagwetsa kamodzi kakang'ono, mfuti n'kuuma. Zina zonse zinabalalika, koma chimphongo china chinamulunjika, ndipo bambo wa ndevu zake anakwera pamwamba pa pikapu ngati mphaka. Nguluwe ukaipha imodzi, zotsalazo zimabwerako zitachenjera. Ndipo lole ya ogula mavwende inkayembekezeka sabata yotsatira. Munda umenewo ndiwo unali chakudya cha chaka chonse.

Vuto linayamba ndi hatchi. Kumphuno kwa mfutiyo Baldemar anali atamangako chitsulo chochepetsa phokoso, chija anyamata amachitcha chitini. Ndi zipolopolo za masiku onse mfuti inkayenda bwinobwino, kungoti zimenezo n'zothamanga, ndiye ngakhale pali chitini zimalirabe "thwa!" ngati chikwapu. Hatchi ya Mayi Darlene, yomwe inali ndi bere, itamva kulirako inathamangira pawaya n'kudzicheka pachifuwa. Mayi Darlene anabwera nkhope ili gwa. Ndiye Baldemar, pofuna mtendere, anakagula zipolopolo zoyenda pang'onopang'ono, zosalira. Kuyambira tsiku limenelo mfuti inasanduka ndodo.

Masana anaiphwasula patebulo la m'khitchini, pomwe mayi ake amakandira ufa wa matotiya, timikate tawo topyapyala. Anapukuta mwaye, anathira mafuta, anasintha kabokosi ka zipolopolo, anatuluka kukayesa. Phu! Zii. Anabwerera, anathiranso mafuta.

"Ukuikazinga kodi?" anatero mayi ake. "Mafuta onsewo ndikanaphikira nyemba mwezi wathunthu."

"Amayi, chonde. Mutu ukundiwawa."

"Walira mvula walira matope. Unafuna mfuti yonong'ona, ndi imeneyo, yangokhaliratu chete. Muimbire Wendell."

"Ndikonza ndekha."

"Safunsa anadya phula. Bweretsa foniyo kuno."

Wendell anali mkulu wokonza mfuti m'tauni. Mayi Hermelinda anaika foni pakati patebulo kuti onse amve. Mkuluyo anamvetsera, kenako anafunsa funso limodzi.

"Baldemar, pomwe unkaika chitini, kasikuluwu kolowetsa utsi m'kapaipi kaja unakatseka?"

"Pang'ono. Utsi unkandilowa m'maso."

"Ndiye basi. Unatsekera zipolopolo zamphamvu, pano ukuidyetsa zaulesi. Mpweya wokankha chitsulo uutenga kuti? Katsegule pang'onopang'ono, uziyesa. Koma kanyike kaye m'mafuta usiku wonse, kamauma ndi mwaye. Usakakamize."

"Usiku wonse?" anakuwa Mayi Hermelinda. "Bambo Wendell, nguluwe zija mwaziuza kuti zidikire?"

"Mayi Cantú, ine ndimakonza mfuti, nguluwe sindilankhula nazo."

Foni itadulidwa, Baldemar anayang'ana mayi ake, mayi ake anayang'ana dzuwa pawindo. Palibe ananena kuti tidikire. Baldemar anadontheza mafuta pakasikuluwu, anaika kiyi, anapotoza. Sikanasunthe. Anagwira ndi manja awiri, analuma mano. Kiyi inazungulira mofewa ngati ili m'phala. Mutu wa kasikuluwu unali utadyeka.

"Mayo ine," anatero Baldemar chapansipansi.

Anamuimbiranso Wendell. Ulendo uno mkuluyo anapuma kaye mozama. Anati tsopano pafunika chitsulo chonse chatsopano, choitanitsa kutali, ndipo sichingafike lole isanabwere.

"Ndikupatsani mavwende khumi, osankha ndekha," anatero Mayi Hermelinda.

"Mayi Cantú..."

"Ndi matamale anga ophika m'makoko a chimanga, mphika wodzaza. A nkhumba, osati a nyemba."

"Ngakhale mutandipatsa munda wonse, positi siithamanga ndi matamale. Bwererani ku zipolopolo zakale zija. Ndi zimenezo iyenda."

Mayi Hermelinda anavula epuloni. Anasankha mavwende awiri aakulu, anaganiza, anabwezapo limodzi. Anakwera pikapu okha, ulendo wa kwa Mayi Darlene.

Anawapeza akutsuka bala la hatchi. Hatchiyo mimba inali italendewera, miyendo yakumbuyo itatakataka.

"Ngati mwabwerera za mfuti, Hermelinda, vwende lanulo bwererani nalo."

"Vwendeli n'lamoni chabe. Nkhani ili pambuyo. Nguluwe zikundidyera munda n'zanu."

"Zanga? Ndinazigula kuti?"

"Zimagona kwanu, kudya kwanga. Mwamuna wotero timati ngwa ndani?"

Mayi Darlene anafuna kuseka, koma anadzigwira. "Hatchi iyi ndaidikira chaka. Ikataya mwana, mundiberekera inu?"

"Itengereni kwa mchemwali wanu. Baldemar aikokera pangolo yanu, mafuta athu."

"Siingakwere ngolo, yatsala pang'ono. Mwabereka ana angati inu, osaona?"

"Ndiye itsekereni m'khola la kuseriko. Ndipatseni mamawa atatu."

"Ayi."

"Awiri. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, Darlene. Zikamaliza mavwende anga zibwera kudzafukula msipu wanu, ndipo ine ndidzakhala pakhonde ndikumwa khofi."

Mayi Darlene anafinya nsalu m'ndowa nthawi yaitali. "M'mawa umodzi. Mawa. Ndipo inu mudzakhala m'kholamo ndi ine, foni m'manja. Ndikangoti imbani, mumuimbira mwana wanu asiye. Osati za mtengo wapamsika, zoti tionjeze pang'ono. Ndikati imbani, mwaimba."

"Ine hatchi ndimaziopa."

"Ndiye mudzamvana, nayonso imaopa inu."

Anagwirana chanza. Mayi Hermelinda anabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba, chifukwa chibadwire anali asanagulepo chinthu pamtengo wa wogulitsa. Anapeza Baldemar atabwezeretsa mfuti, zipolopolo zakale zili patebulo.

"Waiyesa?"

"Ndiyesa bwanji, Amayi? Ndikawomba pano hatchi imva, nguluwe zimva."

"Ndiye ukupita ndi mfuti yosayesa, yomwe waipotokola wekha?"

"Wendell wati iyenda."

"Wendell sakakhalako. Ukakhale pamwamba pa pikapu, usatsike. Foni m'thumba la pachifuwa. Ikangonjenjemera, chala chichoke. Wamva?"

"Ndamva, Amayi."

Kunja kusanayere bwino, azimayi awiri aja anali kale m'khola. Mayi Darlene anatsegula wailesi, nyimbo za akodiyoni zili pamwamba, n'kumasisita khosi la hatchi. Mayi Hermelinda anakhala pabelo la udzu pafupi ndi chitseko, kutali ndi ziboda, foni ili m'chikhatho. Mtima unkawauza ziwiri. Mfuti ikakana, munda wapita. Ikavomera, hatchi.

Kuwala kunayamba kulowa m'ming'alu ya matabwa. Palibe chinamveka.

"Mwina zapita kwina lero," anatero Mayi Darlene.

"Zipite kuti? Kuli mavwende okoma kuposa anga chigawo chino?"

Thwa!

Hatchi inadzutsa makutu. Apa ndi pomwe mfuti ija inkagonera masiku onsewa.

Thwa! Thwa! Thwa!

"Yayenda!" anafuula, n'kudzuka pabelo. "Darlene, yayenda! Mwana wanga ameneyo!"

Koma hatchi inali itayamba kuzungulira. Inapumira m'mphuno mwamphamvu, maso ali psuu, thukuta likutuluka m'khosi. Inamenya thabwa ndi chiboda, khola lonse linagwedezeka. Bala la pachifuwa lija linatseguka, magazi n'kuyamba kutsika mwendo.

"Imbani," anatero Mayi Darlene, atakangamira chingwe.

Kumunda mfuti inkalirabe, mosadukiza, mokoma ngati makina osokera atsopano. Kulira kulikonse inali nguluwe imodzi yochoka m'mavwende.

"Darlene, ziwiri zokha..."

"Hermelinda!"

Mayi Hermelinda anayang'ana mimba ya hatchi ija ikugunda, anayang'ana manja a mnzawo atayera ndi kukoka chingwe. Anatukwana nguluwe, anatukwana Wendell ndi positi yake, ndipo anadina foni.

Mfuti inalira kamodzi, n'kukhala chete.

"Amayi!" anafuula Baldemar pafoni. "Mwandidula pakati! Zagwa zisanu, koma yaikazi ina yaikulu ndi ana ake akulowa m'tchire pompano. Ndikumuona bwinobwino. Kamodzi kokha, Amayi!"

"Ndati chala chichoke."

"Abweranso mawa!"

"Ndikudziwa. Tsitsa mfutiyo."

Anadula foni. Hatchi inazungulirabe kangapo, kenako inaima, ikupuma ngati mvukuto. Mayi Darlene anaika khutu ndi dzanja pamimba pake, anakhala choncho kanthawi.

"Akusuntha," anatero.

Mayi Hermelinda anagwedeza mutu. Anatola chipewa chawo.

"Simumwa khofi?" anafunsa Mayi Darlene.

"Khofi wa chiyani? Ndikukadzutsa azilongo anga ndi akazi awo. Mavwende akupsa tithyola lero lomwe tiunjike m'shedi, lole idzawapeze mmenemo. Osapsawo ndi a nguluwe yaikazi ija ndi ana ake, adye atupidwe." Anafika pakhomo, anatembenuka. "Ngolo yanu ija ndiitenga. Ndipo musanditchulire mtengo, lero ndagula kale modula."